Makutu a Bambo Darmaji

Marupiya 15,000 ndiwo mtengo umene ndimagulira kamakina kamodzi kowerengera madisiki a fulope, kochotsedwa m'makompyuta akale amene mabanja a kuno ku Semarang amataya. Kakakhala kosalira ndimakagulitsa 90,000 kwa oimba kiyibodi pa maukwati, amene nyimbo zawo zikadali pa madisiki. Kolira sakafuna, chifukwa nyimbo ikatha maikolofoni imatola phokoso lonse.

Amene amatontholetsa timakinati ndi Bambo Darmaji. Anayamba ndi mawotchi, kenako mawailesi a kaseti. Makompyuta atafika m'nyumba za anthu anasamukira ku ntchito iyi, osachokakonso. Amakhala pa kathebulo kunsi kwa masitepe a msika, tiyi wa shuga wambiri ali pambali. Amapukuta girisi wouma pa kachitsulo kamazinga ndi thonje lonyika mu sipiriti, n'kupaka watsopano ndi kamtengo kotokosera m'mano. Akatero amalowetsa disiki, n'kupendeketsa mutu, kumvetsera.

"Girisi akachuluka amaitana fumbi, mwanawe," amatero. "Ngati mkamwini wolemera, achibale sachedwa."

Mwezi watha Mayi Sulastri, oimba pa maukwati, anandibwezera tiwiri.

"Iwe Gunarso, wandigulitsa nkhululu? Mkwatibwi akulira, makina akulira, ine ndiimbe bwanji?"

Ndinapita nato kwa Bambo Darmaji. Analowetsa disiki m'kamodzi. Kanalira tswiii, mpaka wogulitsa mabatire wapafupi anatembenuka. Iwo anapendeketsa mutu, n'kumwetulira.

"Kali zii. Mayi aja akungofuna uwachotsereko mtengo."

Manja a Bambo Darmaji sanjenjemera, maso akuona bwinobwino. Koma ntchito iyi imathera pa khutu, ndipo makutu anali atapita osawatsanzika. Oimba akadziwa, palibe adzabwerenso kunsi kwa masitepe kuja. Inenso ndilibe wina wodziwa kutsegula timakinati osathyola.

"Bambo, kakulira," ndinatero pafupi ndi khutu lawo.

Anandiyang'ana. Anayang'ananso wamabatire uja, amene anaweramitsa nkhope. Kenako anatsegulanso kamakinako, kupukuta, n'kupaka girisi pa kanjanji ka m'mbali.

"Nanga pano?"

"Kwachepa. Kwatsala pang'ono, kachitsulo ka m'kati kakamabwerera."

"Ohoo. Ndiye makutu akowo ali ndi ntchito eti? Ndimayesa ndi otchingira chipewa kuti chisagwe."

Lolemba ndibweretsa timakina makumi atatu ndi kampando kanga. Ndizikhala nawo m'mawa uliwonse, kumvetsera kalikonse kasanapite kwa wogula.