Amayi, tsache ndi masiki yoyera

Mwaswera bwanji nonse.

M'mawa uno amayi anabanika akusesa pabwalo. Ndinawapeza atakhala pakhonde, tsache lili m'manja, mpweya ukuvuta kutuluka. Ndinaitana wa njinga yamoto n'kuthamangira nawo kuchipatala.

Adokotala ati ndi mphumu, ndipo chikuiputa ndi fumbi. Chilimwe chino, ndi magalimoto odutsa kamsewu kathu kopita ku Songani, fumbi lake mukulidziwa. Awapatsa mankhwala opopera m'kamwa ndi masiki. Awauzanso kuti asiye kusesa, ndipo ngati sangathe, aziyamba awaza madzi pansi.

Tafika kunyumba masana. Ine ndangolowa m'nyumba kukasintha nsapato, potuluka ndapeza akumalizitsa pomwe anasiyira m'mawa. Fumbi lili koboo.

Ndawafunsa za madzi aja. Akuti, “Madzi ochita kukhalira pamzere kumjigo, ndimwetse dothi?”

Ndawafunsa za masiki. Aikulunga bwinobwino m'kajumbo n'kuiika pakati pa Baibulo. Akuti ndi yoyera kwambiri, ingade ndi fumbi. Adzaivala Lamulungu kutchalitchi.

Tsache ndawalanda, ndaliponya padenga la bafa. Sanakalipe ayi. Angondiyang'ana n'kunena kuti pakhomo posasesa anthu odutsa amayesa mwini wake anamwalira. Ndawayankha kuti m'mawa muja zinatsala pang'ono kukhala zoona. Akuti koma pabwalo pakanakhala poyera.

Achimwene, asisi, inu amakumverani. Titani? Muyankhe msanga, chifukwa pano ndikulemba ali kuseri kwa khola, akuthyola nthambi zomangira tsache lina.