Zingwe za a Laurinda

A Laurinda anali enferimeira, namwino, pa kachipatala ka kwathu, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera ku Furancungo. Anali mayi wamfupi, wosaseka wamba, ndipo akakukalipira unkaiwala chimene wabwerera. Ine ndinkawaopa, koma lero ndimawasowa kuposa abale anga ena.

Mu 1984, nkhondo itatiletsa kupita ku minda yakutali, kunkabwera ufa wa phala la ana onyentchera. Lamulo linali lakuti mwana wowonda mkono alembedwe pa lista, akanenepako achotsedwe, alowe wina. Mwana wanga Paulina analowa mu Janeiro, anatuluka mu Abril, pofika Junho anali atayambanso kufota.

Mapepala ankasowa, ndiye a Laurinda ankapota khonje. Mwana aliyense anali ndi chingwe chake, chomangidwa kansanza ka chitenje cha mayi wake. Tsiku lolowa ankamuzunguliza chingwe pamkono n'kumanga mfundo pamene chakumana, mwezi wotsatira chimodzimodzi. Chimene chinkatitopetsa n'chakuti ngakhale mwana achoke pa lista, ankamufunabe kuti amuyeze mkono. Ukajomba ankakulondola pakhomo. Tinkawanena kumbali kuti mayiwa alibe chochita.

Kenako kunabwera bwana wina wochokera ku Tete, wa nsapato zowala. Anayang'ana lista ya Janeiro ndi ya Junho, n'kupukusa mutu.

"Camarada enfermeira, ana owonda anali quarenta, makumi anayi, lero ali quarenta owonda. Amene sakudya phala ndiwo onenepa. Madalaivala akufera pamsewu chifukwa cha ufa wopanda ntchito. Acabou, ufa subweranso."

Ndinali pakhonde ndi Paulina kumsana. Ndinamva zonse.

A Laurinda anatembenuka. Analowa m'kati, anatuluka ndi mtolo wa zingwe n'kuziyala pansi, mfundo zoyamba zonse pamzere umodzi.

"Chefe, quarenta a mu Janeiro si awa a lero. Onenepa mwawaona panjawo, ambiri ndi omwe aja, anachoka chifukwa anachira. Mukawerenga otsala pa lista okha, mudzapeza owonda mpaka kalekale. Mwana muzimutsata kuyambira tsiku limene analowa."

Bwana uja ananjuta. Pa zingwe zambiri mfundo zinkanka zitalikira. Anatola zisanu ndi chimodzi zazifupi, zodulidwa ndi mpeni.

"Nanga izi?"

"Amenewo anamwalira. Muwawerenge nawonso, sindibisa."

Kenako a Laurinda ananyamula chingwe cha kansanza kofiira, ka chitenje changa. Mfundo zitatu zinatalikira bwino, ziwiri zomaliza zinabwerera m'mbuyo.

"Uyu tinamuchotsa msanga. Phala linagwira ntchito, litasiya anayambanso kuwonda. Ndi uyo ali kumsanayo."

Bwana uja ndinali nditamuda kale, koma chilungamo chake, anachita manyazi. Anakhala pansi mpaka dzuwa kupendeka, akukopera mfundo m'kabuku kake, nsapato zija zitatuwa ndi fumbi. Ufa unabweranso, ndipo Paulina anabwerera pa lista sabata yomweyo.

Patapita zaka ziwiri tonse tinathawira ku Malawi. A Laurinda anamwalirira komweko, sanaonenso kwathu. Tisanasiyane anagawira mayi aliyense chingwe cha mwana wake, ngakhale aja a zingwe zodulidwa.

Changa ndikadali nacho. Paulina tsopano amalima mbatatesi ku Tsangano, thumba amalikweza yekha pa njinga. Tsiku lina ndinamuzunguliza chingwe chija pamkono. Sichinakwane n'komwe, ndipo ndinalira iye akundiseka.