Nyumba ya Bango ya Apongozi

Dzina la apongozi anga aamuna sindilemba. Kwathu kuno mkazi satchula dzina la bambo a mwamuna wake, saonana nawo maso, akawaona panjira amapatukira kutchire.

Anali mmisiri wa njerwa wodziwika ku Lupembe konse. Chivomezi cha 2009 chinagwetsa khoma lomwe anamanga okha, likuphwanya mwendo wa mwana wawo wamkazi, Eunice. Kuyambira pamenepo sanagwirenso njerwa. Amamanga ndi nsungwi ndi bango, mfundo zake za luzi, dothi lomata pang'ono chabe. Amati nyumba izivina limodzi ndi nthaka. Anthu amaseka, amati mdala uja mutu unagwedezeka nawo.

Chaka chatha kunabwera anthu ofufuza momwe midzi imadzitetezera ku ngozi. Apongozi atamva anasesa bwalo, anavala malaya a kutchalitchi, anayala luzi ndi nsungwi pamkeka. Ndinkawaonera pampata wa mpanda, akuyeserera zokanena m'Chichewa chawo chodukaduka. Anauza mwamuna wanga Allan kuti zikalembedwa m'buku anthu asiya kuseka.

Alendowo anandipeza pamjigo, mwana wanga Ipyana ali kumsana. Mayi wina wa magalasi, a Yvonne, anafunsa ngati kuseri kwa migwalangwa kuli munthu womanga mwa njira ina.

Kuwaperekeza kunali kukaima pamaso pa apongozi. Kufotokoza mwambowo kwa anthu a m'tauni ndinachita manyazi. Koma ndinene zoona, ndikanatha kungoloza ndi chala. Nanenso nyumba ija inkandichititsa manyazi.

"Uko kulibe anthu, mama," ndinatero. "Ndi minda yokhayokha."

Anathokoza, galimoto inatembenuka.

Apongozi anakhala pamkeka paja mpaka mthunzi wa mango unachoka. Nkhuku zinayamba kujompha luzi, iwo osaziingitsa. Kenako anatuma apongozi aakazi kudzandifunsa ngati ndinaona galimoto. Ndinati ayi.

Mwezi watha chipinda chathu chinafunika kuwonjezera. Ndili kukhitchini ndinamva Allan akufunsa bambo ake kuti nsungwi akadule kuti.

"Umba njerwa, mwana wanga. Anthu ophunzira anayenda mudzi wonse, kwa ine sanaone chofika. Mwina wamisala ndine."

Njerwazo zikuuma pabwalo. Madzi oumbira ndinatunga ndine, ndipo khoma lake ndi lomwe Ipyana azigona pansi pake.