Juzi ya Ndere za Pamiyala

Pa chilumba cha Harris aliyense ankadziwa kuti a Dolina MacCuish ndi a mtima wapachala. Anagwira ntchito yophikira ana pasukulu mpaka mawondo atakana, ndipo anthu amene anamwa msuzi wawo ali ana, lero ali ndi imvi koma amawongokabe akamva mawu awo m'golosale. Atapuma pantchito anatsitsa njinga yopotera ulusi ya malemu mayi awo n'kuipukuta fumbi. Ali mtsikana kupota ankadana nako, poti inali ntchito ya umphawi. Tsopano kunasanduka kotayira nthawi, ndipo alendo odzaona malo ankaima pazenera kuwajambula ngati aona nkhosa ya mitu iwiri. Iwo ankawatsekera katani kumaso.

Mwana anali naye mmodzi, Finlay, wotchera nkhanu panyanja ndi kaboti kake. Iyeyu anakatenga mkazi ku Glasgow, namwino, dzina lake Lorna. A Dolina anamudikira mkwiyo uli wokonzeratu, koma mtsikanayo anawagwiritsa mwala. Anali wa manja abwino, ndipo kukalipiridwa sikunkamudwalitsa. Ulusi wake woyamba unatuluka wa mfundo zokhazokha, apongozi ake nati umenewo ndi womangira ng'ombe, iye anangoseka n'kuyambiranso. Posakhalitsa Loweruka lililonse awiriwa ankaswera m'khitchini, poto wa utoto akubwata, makoko a anyezi ali mbwee patebulo. Kunena zoona a Dolina anamukonda mwana ameneyu, ngakhale akanalolera kumeza singano yolukira kusiyana n'kuti anene zimenezo.

Anamuphunzitsanso za crotal, ndere zotuwa zija zomera pamiyala. Umazipala ndi supuni yakale, n'kuziyala m'poto mosinthanitsa ndi ubweya, ndipo zikabwata tsiku lonse ubweyawo umatuluka wofiirira, uli ndi kafungo kosatha ngakhale uchape chotani. Zonsezo anamuuza. Chimodzi chokha sanamuuze, chifukwa pachilumbapo chimenecho munthu sachita kuuzidwa, amangokula akuchidziwa: chovala chonyikidwa mu crotal sakwera nacho m'boti. Chochokera kumwala chimabwerera kumwala, ndipo chimakoka ndi wochivala yemwe.

Tsono Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, Finlay anabwera kudzadya, navula jekete. M'kati anali ndi juzi yatsopano yofiirira. Fungo lake a Dolina analimva asanaiyang'anitsitse n'komwe. Lorna, nkhope ili ngwee, anafotokoza kuti wailuka mobisa nyengo yonse yozizira, ubweya wopota yekha, ndere zopala yekha, kuti mwamuna wake asamazizidwe panyanja. A Dolina anaigwira, naitembenuza kufunafuna cholakwika choti akalipire. Panalibe. Inali ntchito yabwino kwambiri, ndipo zimenezo ndi zimene zinawawawa koposa.

Tsiku la Mulungu si lokangana, choncho anadikira Lolemba. Anamupeza Finlay padoko akusoka miono yake.

"Iwe, juzi ija usakwere nayo m'boti."

Finlay anawayang'ana kenako n'kuseka chikhakhali. "Amayi, inuyo? Mkazi wa mkulu wa mpingo? Abusa akamva zimenezi muwayankha chiyani?"

"Abusa nkhanu amazionera pambale. Ndati usakwere nayo."

Iye anati boti lili ndi wailesi, lilinso ndi makina oonetsa pamene pali miyala, ndipo zala za Lorna zinatupa chifukwa cha juzi imeneyi, ndiye aivala basi. Anawapsompsona pamutu ngati kamwana. Akanakhala wamfupi akanamuwomba khofi.

Nanga bwanji sanamuuze Lorna mwini wakeyo? A Dolina ankati akumudziwa. Mtsikanayo akanati nkhani yokongola bwanji, n'kuilemba pafoni kuti anzake oluka a kutali aisekerere. Mantha a anthu amene analira maliro opanda mtembo, iwo n'kumawayesa chokometsera nkhani. Kapena akanawayang'ana ndi maso aja a namwino, oyang'anira nkhalamba imene mutu wayamba kuchoka. Ndiponso eni akewo mukanawafunsa akanakana kwamtuwagalu kuti zotere sazikhulupirira, poti masalimo aimba moyo wawo wonse. Komatu kusakhulupirira n'kosavuta munthu uli pamtunda, mwana wako alinso pamtunda.

Sabata imeneyo Finlay anaivala tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse a Dolina ankaima pazenera kuyang'ana kadontho kofiirira kali m'boti, njinga yopotera ija ili duu kumbuyo kwawo. Anakwiyira Finlay chifukwa cha makani, anakwiyira Lorna chifukwa cha luso lake, anakwiyira ndi malemu mayi awo amene anawaika zimenezi m'mutu n'kukagona mwamtendere kumanda. Tsiku lina mphepo inasintha masana, maboti ena onse anabwerera, la Finlay ayi. Linatulukira dzuwa litapendeka, mwini wake akuimba mluzu, akuti nkhanu zinachuluka. Mayi ake anangobwerera kunyumba. Maganizo anali atamanga kale.

Kiyi wa nyumba ya anawo anali naye, poti ankawachapira Lorna akakhala kuntchito. Juzi anaipeza ili pampando, Finlay atapita kukagula mafuta a boti. Anaiponya m'makina ochapira, napotokola mpaka pa madzi otentha kwambiri, nathira sopo wambiri. Sanachoke. Anaima pomwepo manja ali m'chiuno kuionerera ikugubuduzika mpaka makina atazima. Inatuluka yolimba ngati chikopa, yochepa yoti ingakwane mwana woyamba kumene sukulu. Sanaibise, anaiyanika pachingwe pamodzi ndi zovala zina.

Madzulo Lorna anafika asanavule ndi yunifolomu yomwe, naiika juziyo patebulo. A Dolina anali atakonza bodza lakuti anaiwala magalasi, ndipo analiyamba bwinobwino.

"Wina aliyense ndikanamukhulupirira," anatero Lorna motsitsa mawu. "Koma inu ndi amene munandimenya padzanja chifukwa chongotakasa ubweya m'poto, mukuti ulimba. Ndakulakwirani chiyani?"

Apo bodza linathera panjira. Anamuuza zonse mokalipa, za mwala ndi zobwerera kumwala, akudikira kuti aseke kuti apeze pomugwirira. Lorna sanaseke, ndipo foni sanaikhudze. Anangosisita juzi yolimbayo ndi chala.

"Mukanandiuza, ndikanaimasula ndekha n'kumulukira ina," anatero. "Mukuganiza kuti ndi inu nokha amene mumaima pazenera?"

Apa m'pamene munthu wanzeru akanapepesa, ndipo mawu opepesawo anafika ndithu pakhosi. Koma pakamwa pa a Dolina panazolowera kuthamanga kusiya mtima m'mbuyo.

"Mlendo amayamba wafunsa," anatero.

Lorna anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, natenga juzi yake n'kutseka chitseko mwaulemu.

Finlay lero amavala juzi yogula, ya ulusi wa pulasitiki, ndipo amapita panyanja n'kubwerako monga ankachitira kale. Lorna sanakalipe, sanauze ndi munthu mmodzi yemwe. Mankhwala a mawondo amabweretsabe, pakhomo la tchalitchi amapereka moni wabwino: "Mwadzuka bwanji, mayi MacCuish." Kale ankangoti amayi. A Dolina akamva dzina lalitalilo amafuna kumugwira paphewa n'kumugwedeza kuti awalalatire, awatukwane, chilichonse kusiyana ndi ulemu umenewu.

Loweruka amapota okha, ulusi n'kumangoduka chifukwa akupondaponda njingayo mwaukali. Akadzifunsa moona mtima, amapeza kuti tsiku lija litabwereranso juziyo akanaiponyabe m'makina, ndipo pa chimenecho sapepesa kwa munthu aliyense. Chimene akanabweza ndi liwu limodzi lija, loti mlendo. Kangapo avala jekete kuti akanene zimenezo, koma amafika pageti la anawo, n'kupeza kuti mtima wayamba kale kupsa, n'kupitirira kugolosale kukagula mkaka umene ali nawo kale kunyumba.