Nazale ya pa Dzenje la Msewu

Sabata imene katapila anagwetsa mitengo yake ya mapeyala, ndi sabata yomweyo imene Luckson anasudzulidwa.

Mkazi wake, Marjory, anali atamwalira mvula itangoyamba. Luckson anali mkamwini. Anachokera ku Phalombe n'kudzakwatira m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wochokera pa Chitakale kulowera kumalire a Mozambique. Zaka zonse za ukwati wake analima munda wa kuchikazi, anamanga nyumba pa malo a kuchikazi, ndipo m'mphepete mwa msewu anabzala mzere wa mapeyala omezanitsa, luso limene analitola yekha poonerera anzake ali pa ganyu ku esiteti ya tiyi.

Ndiye kunabwera nkhani ya msewu. Boma linali litakongola ndalama ku banki ya chitukuko kuti msewuwo ukuzidwe, mathiraki opita kunja azidutsa mosavuta. Anthu ovala zipewa zolimba anayenda ndi penti wofiira, kulemba mtanda pa mtengo uliwonse ndi khoma lililonse lokhala m'njira. Anati aliyense alandira chipukutamisozi.

Aliyense? Atafika pa mapeyala aja anangofunsa kuti malo ano ndi a ndani. Sanafunse kuti anakumba mayenje ndani, kapena anasenza madzi ndani m'chilimwe. Pilato, mlongo wake wa malemu, mwini mbumba, anaima patsogolo n'kutchula dzina lake.

"Alamu," anatero Luckson motsitsa mawu, "mitengo iyi ndinabzala ndine."

"Munabzala pa dothi la ndani, alamu? Kapena munabwera nalo pa njinga kuchokera ku Phalombe?"

Anthu anaseka. Ena mwa osekawo anali ndi mapeyala a Luckson m'mimba.

Luckson anapita kukadandaula ku komiti imene inaikidwa kuti izimva madandaulo a za msewu. Anamuuza kuti abwere ndi mboni. Koma mkamwini mboni aitenga kuti? Mudzi wonse ndi abale a mkazi. Amene anamuona akuthirira anayang'ana pansi, ena anati tsikulo anali kumaliro. Nkhani inathera pomwepo.

Mwambo ndi mwambo, palibe akukana. Koma mwambo umene umadziwa mwini dothi n'kuiwala mwini thukuta, ndi wofunika kuukhazika pansi n'kuufunsa mafunso.

Pa nsudzulo anamupatsa zovala zake, khasu, ndi kampeni kake komezanitsira. Nyumba inatsala. Munda unatsala. Izi zonse akanazipirira. Chimene chinamupweteka koposa ndi nkhani ya Leah, mwana wake yekhayo, amene anali sitandade 2.

"Mwana ndi wa mbumba ino," anatero Pilato. "Inu mwamasuka. Kakwatireni kwina."

Luckson anatembenukira kwa Janeti, mkulu wake wa malemu, amene anali atamutenga kale mwanayo.

"Alamu, ndikupempha. Ndizimuonako."

Janeti sanali woipa mtima, koma analinso ndi mantha ake. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo a Leah, mwana sangapite kwa munthu wopanda pogona. Mukadzakhala ndi khomo lanulanu, ndi madzi, ndi chitseko, mudzabwere tidzakambirane. Mawu anga ndi amenewo."

"Khomo!" Pilato anaseka. "Alitola kuti?"

Ku Phalombe Luckson analibe pobwerera. Munda wa amayi ake anali atagawana alongo ake, monga mwa mwambo womwewo. Mwamuna kwawo ndi kumene wakwatira, ndipo kumene anakwatira anali atamutsekera chitseko. Ndiponso akanapita kutali choncho, Leah akanakula akumva dzina la bambo ake ngati dzina la munthu wakufa.

Sanapite.

Chakumtunda kwa mudziwo kunali chidzenje chachikulu chimene okonza msewu anakumbamo dothi n'kuchisiya choncho. Mwini malowo, mkulu wina dzina lake Bonface, ankati malowo anafa. Pansi pake panali dothi lofiira louma ngati njerwa, pakati pali chithaphwi cha madzi amvula chosaphwa ngakhale mu Okutobala.

"Mukufuna kukhala apa?" anadabwa a Bonface. "Ngakhale mbuzi zanga zimapakana."

"Mundibwereke, bambo. Madziwa ndi amene ndikufuna."

"Khalani. Koma mukadzadyedwa ndi udzudzu, musadzanditchule."

Luckson anamanga chisakasa cha mapulasitiki ndi nsungwi pamphepete pa dzenjelo. Masana ankagwira ganyu yosenza mchenga kwa okonza msewu. Akaweruka ankapita ku msika wa Chitakale, kumene amatayira zinyalala, kukatola njere za mapeyala zimene anthu adya n'kutaya, ndi timapepala ta shuga totha ntchito toti azithiramo dothi.

Nzeru yake inali yosavuta. Msewu unali utadya mitengo ya zipatso ya anthu kuyambira uko mpaka uko. Tsiku lina fumbi lidzatha, ndipo anthu onsewa adzafuna kubzalanso. Mbande adzazipeza kuti?

Koma anthu sankaona nzeru. Ankaona bambo wamkulu, ndevu zosameta, akufukula m'dzala.

"Maliro aja anamuzunguza mutu," ankatero amayi ogulitsa tomato.

"Achimwene, mukapeza nyama mundigawireko!" ankakuwa anyamata a kabaza.

Iye ankangotola.

Kunyumba kwa Janeti sankaloledwa kufika. Mwayi wake wokha unali wa m'mawa. Ana opita kusukulu ankawoloka pamene mathiraki a miyala ankadutsa ndi fumbi lotsekereza maso, ndipo Luckson ankadikira pamenepo kuti amuwolotse Leah. Msewu ndi wa boma, Pilato sakanamuletsa kuimapo. Kuchokera mbali ino kufika mbali inayo, umenewo ndiwo unali ubambo wake wonse.

M'mawa wina Leah anaika manja kumbuyo.

"Bwanji, mayi?"

"Anzanga akuti ndinu amisala. Akuti mumadya za m'dzala."

"Nanga iwe ukuti chiyani?"

Mwanayo anatembenukira kumsewu. Anawoloka yekha, akuthamanga, osacheuka.

Tsiku limenelo Luckson sanapite ku ganyu. Anakhala pa mwala pamphepete pa dzenje, akuyang'ana phiri la Mulanje likubisala m'mitambo. Kunalibe womufunsa kuti mwadwala kodi. Kunalibe womuuza kuti limbani mtima. Amene sanakhalepo yekha sadziwa: chowawa si njala ayi, koma kufika madzulo n'kuzindikira kuti pakamwa pako sipanatuluke mawu chichokereni m'mawa. Lamulungu linkamuvuta koposa. Nyimbo za kutchalitchi zinkamveka kuchokera kumudzi, ndipo ankadziwa benchi imene Marjory ankakhalapo. Nthawi zina ankapezeka akulankhula ndi mbande, kuzidzudzula kuti zikuchedwa kukula.

M'mawa mwake anameta ndevu, anachapa malaya, anakaimanso pamsewu paja. Leah anadutsa ndi anzake ngati sakumudziwa. Iye anaimitsabe thiraki ndi dzanja mpaka ana onse atawoloka. Anachita zimenezi teremu yonse.

Kenako mvula inabwera, mvula ya ku Mulanje yosadziwa kuleka. Luckson anali ataika mbande zake pansi m'dzenje, pafupi ndi madzi, kuti asamavutike kusenza. Kumeneko kunali kulakwitsa kwake. Madzi ochokera m'kalavati yatsopano ya pansi pa msewu anatsikira momwemo, dzenje linadzaza mpaka pakamwa. Ntchito ya chaka chathunthu inamira. Timapepala ta shuga tinkayandama pamwamba ngati nsomba zakufa.

A Bonface anabwera atafunda thumba kumutu. Anayang'ana madzi, anayang'ana munthuyo.

"Bambo a Leah, pitani kwanu. Mwayesetsa."

"Kwathu n'kuti, bambo?"

Mkuluyo anakonza thumba lija kumutu n'kubwerera kwawo.

Mvula itapepuka, Luckson anatenga khasu n'kuyamba kusema masitepe m'khoma la dzenje, pamwamba pamene madzi sanafike. Dothi lakuda ankalisenza pamutu kuchokera kudambo. Anatchinga mpanda wa minga chifukwa cha mbuzi zomwe zija ankati zimapakana. Anabwereranso kudzala la pa Chitakale, kwa anthu omwe aja, ndi chipongwe chomwe chija.

Mbande zatsopano zitakula ngati chala, panabuka vuto lina. Pomezanitsa pamafunika nthambi za mtengo wabwino wobereka kale, ndipo mitengo yake yabwino inali itasanduka nkhuni. Unatsala umodzi wokha, kuseri kwa nyumba ya Janeti, kumene sankaloledwa kuponda.

Anamudikira Janeti panjira ya kuchigayo n'kumufotokozera.

"Mukufuna mundiyambanitse ndi achimwene anga?" anatero Janeti, osatsitsa dengu pamutu.

"Nthambi chabe, alamu. Mtengo sufa nazo."

Janeti anapitirira ulendo wake. Koma Loweruka lotsatira anatulukira padzenjepo, ali ndi kamtolo ka nthambi kokulunga m'masamba a nthochi. Anaima n'kuyang'ana masitepe aja, mizere ya mbande, ndi chisakasa chodontha.

"Ndiye mumagona umu?"

"Pakadali pano."

"Anthu amati munapenga."

"Inu mukuona bwanji?"

"Ndikuona kuti mwaonda." Anaika mtolowo pansi. "Sindinabwere kuno, mwamva?"

Chaka chimene phula linatha kuikidwa, zimene Luckson anaziona kale zinachitika. Anthu a m'mbali mwa msewu anapeza kuti pakhomo palibe mthunzi, ana alibe chotola. Anayamba kubwera mmodzimmodzi, ena mwamanyazi. Amayi a tomato aja anabwera. Anyamata a kabaza anayamba kulimbirana kunyamula mbande za makasitomala. Msewu utasalala, ankaima ndi a magalimoto ochokera ku Blantyre, ngakhale amalonda a ku Mozambique obwerera kwawo. Luckson anawonjezera mbande za mango, malalanje ndi magwafa.

Sanagule foni yodula. Sanagule njinga yamoto. Anapita kwa a Bonface, anagula dzenje lonse ndi kachigawo ka pamwamba pake, mboni ndi amfumu alipo. Anaumba njerwa ndi dothi lofiira lomwe lija ankati ndi lakufa. Anamanga nyumba ya zipinda ziwiri, ya malata, n'kuika chitseko chathabwa.

Atatero anavala malaya oyera n'kulowa m'mudzi muja kudzera pakhomo lakutsogolo.

Anapeza Pilato ali pakhonde la nyumba ya Janeti. Chipukutamisozi chija chinali chitatha kalekale, ndipo mkwiyo wake unali utakula.

"Mwasochera, alamu?"

"Ndabwera kwa alamu anga aakazi. Anandiuza kuti ndikadzakhala ndi khomo ndidzabwere."

"Khomo la m'dzenje? Mwana wa mbumba ino akagone kumene amakumbako dothi? Ine ndakana."

Janeti anatuluka m'khitchini akupukuta manja. Anaima pamaso pa mlongo wakeyo.

"Achimwene, munadya mitengo ya munthuyu ine ndili chete. Mwana wake simudya. Ndinalonjeza pamaso pa anthu, mng'ono wanga asanaume m'manda. Lachisanu akaweruka azipita kwa bambo ake, Lamulungu azibwerera."

"Ukuyankha ine?"

"Ndikuyankha malemu."

Pilato anaimirira, anakankha mpando, anapita kuseri. Sanavomere, koma sanabwererenso.

Si chilungamo chonse chimenecho. Masiku ena onse a sabata Luckson amadyabe yekha, ndipo za mapeyala aja palibe anamupepesa. Koma Lachisanu lotsatira, Leah, tsopano mtsikana wamtali wa sitandade 5, anafika padzenjepo ndi kachikwama kumsana. Anaima pakhomo ngati mlendo. Bambo ake nawo anasowa poyambira. Anamuonetsa chipinda chake, anamuonetsa pothira madzi, kenako anathawira kukaphika.

Anadya aliyense akuyang'ana mbale yake. Kenako mwanayo anakwinya nkhope.

"Ababa."

"Ee, mayi."

"Nandolo uyu mulibe mchere. Mumadya chonchi masiku onse?"

Luckson anaseka. Anaseka mpaka misozi, mpaka mwanayo anayamba kuseka naye osadziwa chifukwa chake. Zaka zonsezi m'nyumba mwake munalibe munthu woti n'kudandaula za mchere.

"Mawa ndiphika ndine," anatero Leah. "Inu muzikathirira mitengo yanuyo."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakulandani chimene munachikhetsera thukuta, n'kukusekani pamwamba pake. Kwiyani, n'koyenera kukwiya. Koma mkwiyowo muupatse khasu. Musachoke pafupi ndi chimene mukuchikonda chifukwa choti wina wanena kuti mulibe malo. Ngakhale patsale dzenje lokha limene aliyense walikana, yambirani pomwepo, ndipo mtima wanu musautaye.