Msana wa Felista, maliro a ku Nkando

Lachiwiri m'mawa ndinapeza mwana wanga Felista atakhala pakhonde, akulimbana ndi jombo ndi dzanja limodzi, linalo atagwira m'chiuno. Atandiona anaseka. Kuseka kumeneko ine ndimakudziwa, ndi kwa munthu amene wagwidwa.

Ndinamuvundukula bulauzi osapempha. Anali atadzimanga zitenje ziwiri zothina, pansi pake mphini zatsopano, zakuda bii. M'thumba munali mapilisi opanda dzina, aja amagulitsa pa siteji ku Chitakale atakulunga m'kapepala.

Felista amathyola tiyi pa esiteti ina kuno. Mwamuna wake anapita ku Joni ndipo foni yake inasiya kugwira. Nyumba imene tikugonamo, iye, ana ake ndi ine, ndi ya kampani. Iye akachoka ntchito, mphasa zathu zili panja. Ndipo aliyense kuno akudziwa kuti kapitawo akakuona ukuyenda chopendekeka sakukalipira. Amangokuiwala kontilakiti ikatha.

Ndiye Lachinayi tinanama. Tinati kwathu ku Nkando kwagwa maliro, ndipo kapitawo anamulola ndi mawu a chipepeso pamwamba. Mwamva, abale? Wakufa amapatsidwa tsiku lake. Msana wa wamoyo, ayi.

Kuchipatala, kumene tinapita m'malo mwa kumaliro, anatilozera kuchipinda cha mafizo, kumene amachiza powongola thupi. Ine ndinkadikira jakisoni. Tinapeza mtsikana wovala nsapato zothamangira, bedi, ndi chimpira chachikulu. Anati ndidikire panja, ndinakana. Mwana wanga sindimusiya ndi munthu amene sindidziwa kwawo.

Anayamba ndi mafunso: ngati miyendo imachita dzanzi, ngati mkodzo umatuluka wokha, ngati anagwapo, ngati amatentha thupi. Akuti zimenezo zikanakhalapo, ikanakhala nkhani ina yofuna dokotala tsiku lomwelo. Kenako anaika ndowa ya madzi pansi, n'kumuuza kuti ainyamule mmene amanyamulira dengu la tiyi. Felista anawerama miyendo ili chiimire, n'kupotoka, n'kuluma mlomo.

"Amayi, palibe amene wakulodzani," anatero mtsikanayo. "Msana wanu ukugwira ntchito yake, ya miyendo ndi ya mimba yomwe."

Anafotokoza kuti msana wa m'munsi umatopa ndi kuwerama tsiku lonse, kunyamula katundu uku ukupotoka, ndi kuima pamalo otsetsereka mwendo wina m'mwamba wina m'munsi, monga mmene minda yathu ya tiyi ilili. Minofu ya pamimba, imene imathandiza kugwira msana, imafooka mayi akabereka. Kwa ife okalamba mafupa enieniwo amaperepeseka. Ngakhale mabwana okhala pampando tsiku lonse akuti nawonso amabwera akulira. Apo pokha ndinasangalala.

Za zitenje anati zimanyenga, chifukwa minofu imazolowera kugwiriridwa ntchito. Mapilisi amangotseka pakamwa pa ululu. Kugona pamphasa masabata kumaumitsa msana. Anamuphunzitsa kugona chagada n'kukokera maondo pachifuwa, kukweza chiuno m'mwamba pang'onopang'ono, kugwada ndi manja pansi n'kumapinda ndi kuwongola msana. Ponyamula, apinde maondo, katundu akhale pafupi ndi thupi. Madzulo, nsalu yofunda. Ndipo azikhuthula dengu lisanadzaze, apemphe ntchito yopepuka kwa kanthawi, azibweranso Lachinayi lililonse mpaka aone kusintha.

Ndinamufunsa kuti zimenezo akamuuze ndani kapitawo. Iye anati atha kutilembera kalata.

"Musalembe, achemwali," anatero Felista motsitsa. "Ndikaipereka, ndadzichotsa ndekha."

Mtsikanayo anangoika cholembera pansi. Ndinaona kuti sikanali koyamba kumva zimenezo.

Ine sindikhulupirira wogulitsa mapilisi, wotema mphini, ngakhale wovala yunifolomu. Titafika kunyumba ndinayamba ndine kugona pansi n'kukweza maondo, kuti ngati n'zopweteketsa zipweteke nkhalamba. Sizinandiphe. Felista nayenso sanachire, ndisakunamizeni, koma dzulo anavala jombo ndi manja awiri, ndipo chitenje chimodzi wachisiya. Zinthu zake n'zoona, ndikuvomera ngakhale kukhosi kukuwawa.

Koma mukudziwa mmene tikuchitira mafizowo? Chitseko chotseka, nsalu pawindo, wailesi yokweza. Mayi wamkulu akudzichiza mobisala ngati akuphika nkhuku yakuba.

Ndipo si Felista yekha. Kaimeni pa mjigo wa kulayini kwathu muone. Amayi onse ziuno zotupa ndi zitenje, onse amadzuka pochapa dzanja lili pabondo. Aliyense akudziwa za mnzake, palibe wonena. Timapatsana moni wokoma uku tikuyang'anana kayendedwe, chifukwa aliyense ali ndi mng'ono wake kumudzi amene akudikira kuti malo a ntchito atseguke. Kampani siifunika n'komwe kulemba alonda. Timalonderana tokha, mwaulere.

Tiyi ameneyu mumamwa m'tauni mutakhala pasofa. Munafunsapo kuti dengu lake limalemera bwanji pofika kusikelo? Nanga inu a m'maofesi a maesiteti, chingakuvuteni n'chiyani kuitana wa mafizo abwere kumunda, aphunzitse onse pamodzi, kuti wodwala asadziwike ndi chala? Thalakitala ikayamba kulira mwachilendo mumaiimitsa tsiku lomwelo.

Dzulo make Dalitso, amene timagawana naye khoma, ndipo mlamu wake ndi kapitawo, anabwera kudzapepesa maliro. Anakhala nthawi yaitali. Anafunsa kuti anamwalira ndani, anadwala chiyani, ndiponso chifukwa chake masiku ano timatseka chitseko dzuwa lisanalowe. Maso ake sanali pa ine, anali m'chiuno mwa Felista. Ndinamuyankha kuti anali azakhali, ndipo chitseko n'cha udzudzu.

Lachinayi likubweranso. Felista akapanda kupita kuchipatala, msana ubwerera mwakale. Akanena zoona, tilibe pogona. Azakhali ndinawaika kale m'manda sabata yatha. Tandiuzani, sabata ino ndiphe ndani?