Anandikopera kachithunzi ka envulopu, makalata a malemu n'kufufuta

Makalata 214 a malemu amuna anga afufutidwa Lachiwiri lapitali pa shopu ina ya makompyuta pa Mwanza boma. Ndipo ine ndalipira K18,000 kuti awafufute. Lisiti ndili nalo.

Sindikulira ayi. Amene amva akundiimbira kuti pepani, ine ndikungoti zikomo. Kudya ndikudya, mafomu a katundu wa mathiraki ndikudzaza monga mwa masiku onse. Ndangouma basi. Ndiye ndati ndilembe pano, mwina wina apulumukirapo.

Kwa amene simundidziwa, ndine kalaliki pa kampani ina yokiliya katundu ku boda, yokonza mapepala kuti mathiraki adutse. Amuna anga, bambo a Tadala, anakagwira ntchito kudoko ku Beira zaka zoposa zinayi. Nthawi imeneyo kuimba foni kudutsa malire zinali za anthu andalama, ndiye ankandilembera imelo kuchokera ku ofesi kwawo Lachisanu lililonse. Kumapeto kwa kalata iliyonse ankaika kandime ka Tadala payekha, akuti adzawerenge akadzakula. Anamwalira komweko mwanayo ali ndi zaka zisanu. Mawu a bambo ake sawakumbuka.

Makalatawo anali mu laputopu yanga yakale, yolemera ngati njerwa. Kwina kulikonse kunalibe. Adiresi yanga inali ya kakampani kena ka intaneti kamene kanatseka kalekale, ndipo kalata ikafika inkatsikira mu laputopu, kumene yachokerako osatsala kanthu. Izi ndinkazidziwa bwinobwino. Chimwalirireni iwo sindinatsegulepo ngakhale imodzi, mtima sunkalola. Ndinkangoyatsa kamodzi pamwezi, ndione kuti alimo, ndithimitse.

Tadala ndinamulonjeza ali sitandade 6 kuti akadzakwana zaka 18 ndidzapulinta onse, ndidzamange buku, ndimupatse. Wakwana mwezi watha. Mawa Lamulungu akunyamuka kupita ku koleji ya unamwino.

Lolemba m'mawa ndinatenga laputopu kupita nayo ku ofesi kuti ndiyambe kupulinta. Kuyaka kokha inatenga mphindi 40. Pulinta sinkaiona n'komwe. Nthawi ya nkhomaliro ndinakwera kabaza, 12:40 ndinali pa shopu. Dzina la shopu sinditchula. Mwini wake ndingowatcha a Katswiri, poti ndi zimene analemba okha pa chikwangwani.

A Katswiri anaiyang'ana mphindi ziwiri. Akuti mavairasi adya sisitimu yonse, yofunika kufomata. Akuti kufomata n'kusesa zonse zili mkati n'kuika sisitimu yatsopano, ikatero ithamanga ngati yogula lero.

Ndinati, "Bambo, mukompyutamu chaphindu ndi chimodzi, maimelo. Zithunzi zipite, nyimbo zipite, mafomu apite. Koma maimelo ndi a malemu amuna anga, ndipo ali muno mokha."

Ndinanena katatu. Ndinapempha pepala, ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti MAIMELO MUSAFUFUTE, n'kumata ndi selotepi pa chivundikiro. Anaseka. Akuti mayi musaope, bakapu, kukopera zinthu n'kusunga pambali, timapanga tsiku lililonse, makompyuta onse a ku boda timakonza ndife. Akuti ndigule fulashi yosungiramo, K6,000, kufomata K12,000. Ndinapereka osanenerera.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene zinachitikira, ine ndili chiimire pomwepo.

Pa sikirini ya laputopu yanga panali kachithunzi ka envulopu, kamene ndinkadina potsegula maimelo. A Katswiri analowetsa fulashi, anagwira kachithunzi kaja ndi mausi, n'kukakokera mu fulashi. Sekondi imodzi, basi kwatha. Ananditembenuzira sikirini. "Mwaona mayi? Imelo yanu iyi, yalowa."

Ndinafunsa. Musaganize kuti sindinafunse. Ndinati makalata 214, ena okhala ndi zithunzi, alowa msanga chonchi, pa laputopu yomwe ikukanika ndi kuyaka komwe? Akuti mafulashi amakono ndi othamanga. Pofuna kunditsimikizira, anadina envulopu ija mu fulashi momwemo. Makalata anatseguka. Ndinaona dzina la amuna anga likutsika mizeremizere mpaka pansi. Ndinayang'ana kumbali msanga, ndinati chabwino bambo, tsekani.

Ndinavomera ndekha ndi pakamwa panga. Chimenechi ndicho chandikhala pakhosi.

Lachiwiri 4:15 madzulo ndinapita kukatenga. Laputopu inayaka mwamsanga ndithu, pamenepo sananame. A Katswiri anali osangalala. Akuti andiikiramo banyira, mafilimu 63 ndi nyimbo zauzimu zosawerengeka, poti ndine kasitomala wabwino. Ndinati zikomo, nanga maimelo?

Analowetsa fulashi. Anadina envulopu. Panatuluka kauthenga ka Chingerezi konena kuti chinthu chimene mukufunacho sichikupezeka. Anadinanso. Anachotsa fulashi, anaiuzira mpweya, anaipukuta pa malaya, anaibwezera. Anayesa bowo lina. Uthenga womwewo.

Kenako akuti, "Mayi, pasiwedi yanu mukuikumbuka? Tingolowa pa intaneti, abwera okha." Ndinawakumbutsa kuti kampani ya adiresiyo inatseka. Akuti imelo sisowa, imakhala mumlengalenga. Akuti vuto ndi netiweki ya lero, ndibwere mawa. Netiweki! Fulashi ili m'manja mwanu, netiweki ikulowapo pati?

Lachitatu ndinafika 8 koloko. Anatsegula 10:20. Nkhani inali itasintha. Akuti vairasi inadumphira mu fulashi. Nditafunsa kuti inadumpha liti poti fulashi inagona mu kabati mwawo, akuti komanso ine sindinafotokoze kuti ndi maimelo a mtundu umenewo. Pepala langa lija linali likadali pa chivundikiro. Ndinaloza ndi chala. Analiwerenga ngati akuliona koyamba. Akuti, "Apa mwalemba maimelo, koma simunalembe kuti ali mkati mwa kompyuta."

Abale inu. Akanakhala kuti? Padenga?

Sindinakuwe. Ndinanyamula laputopu ndi fulashi, ndinabwerera ku ntchito, ndinakiliya mathiraki anayi a simenti.

Lachinayi ndinapempha tchuthi, ndinakwera minibasi ya 6 koloko m'mawa kupita ku Blantyre. Mnzanga wa ku ofesi anandilozera kwa mayi wina wokonza makompyuta ku Limbe. Mayiwo analowetsa fulashi pa kompyuta yawo, anayang'ana, n'kuvula magalasi. Anandifunsa ngati pali fulashi ina. Ndinati ndi yomweyo.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Akuti kachithunzi ka envulopu kaja ndi kachikwangwani chabe kolozera njira, mkati mwake mulibe kalata ngakhale imodzi. Makalata eni ake amakhala mu fayilo ina yaikulu, yobisika mkati mwa kompyuta, ndipo imeneyo ndi imene munthu amayenera kukopera asanafomate. Akuti Lolemba lija makalata anatseguka chifukwa fulashi inali ikadali pa laputopu yomweyo, kachikwangwaniko kankaloza zinthu zimene zinali zisanafufutidwe. Akuti zili ngati munthu wazula chikwangwani cha golosale kukasunga kunyumba, golosale n'kuigwetsa.

Ndinafunsa ngati pali chimene angachite. Akuti ayesa. Ndinakhala pa benchi kuyambira 9:30 mpaka cha m'ma 2 koloko. Sindinamve njala, sindinamve ludzu. Ndinkangoyang'ana anthu akulowa ndi mafoni osweka n'kumatuluka.

Atandiitana anayamba ndi kundipatsa mpando. Akuti zinthu zofufutidwa nthawi zambiri zimabwezeka, bola pamalo pamene zinalipo pasalembedwe zina. Akuti laputopu ikanabwera itangofomatidwa, mwayi unalipo waukulu ndithu. Koma mafilimu 63 aja anadzaza malo onse, anakhala pamwamba penipeni pa makalata. Anandionetsa zimene anapeza. Timabokosi ndi tizilembo topanda mutu, tsamba lonse.

Ndiye kuti kufomata kunangowavulaza, chimene chinawamaliza ndi banyira. Banyira amene sindinapemphe.

Mayiwo sanandilipiritse. Anatseka shopu yawo, anandiperekeza mpaka pa siteji.

Lachisanu 11 koloko ndinabwerera kwa a Katswiri, zonse zimene anandiuza ku Limbe zili pa pepala. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, anene kuti ndinalakwitsa. Anawerenga theka n'kundibwezera. Akuti anthu a ku Blantyre ndi mmene alili, amanyoza anzawo a m'maboma kuti atilande makasitomala. Kenako anandifunsa, nkhope ili gwa, kuti kodi mwini wake wa makalatawo sindingamuuze atumizenso?

Ndinati anamwalira, bambo. Ndinakuuzani Lolemba.

Akuti aaa pepani, anaiwala. Akuti komabe mayi, madzi akatayika saoleka, ndipo nthawi zina Mulungu amachotsa zinthu za akufa kuti munthu apite chitsogolo. Mulungu! Amene anagwira mausi ndi Mulungu? Amene anaika mafilimu ndi Mulungu? Madziwo anatayika okha, kapena alipo anakankha ndowa?

Pomaliza akuti pofuna kuonetsa kuti ndi anthu abwino, andiikira antivairasi yaulere ya chaka chathunthu. Yoteteza chiyani? Mafilimu?

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati zikomo. Zikomo, ngati chitsiru. N'kutuluka.

A Katswiri, ndikudziwa kuti muwerenga izi, Mwanza ndi yaing'ono. Ndalama zanu khalani nazo, sindikuzifuna. Ndiyankheni pagulu pano. Bakapu imeneyi munaphunzira kuti? Mumati mumapanga tsiku lililonse, ndiye ndi anthu angati pa boma pano akusunga mafulashi m'mabokosi, akuganiza kuti muli zinthu zawo, chonsecho muli tizithunzi? Mukadanena kuti izi za maimelo sindizidziwa, pitani kwina, chikanakuchepetsani chiyani?

Ndipo inu nonse amene muli ndi kompyuta yoti ikafomatidwe, musachite zanga. Munthu akakuuzani kuti wakopera, chotsani fulashiyo, mupite nayo pa kompyuta ina, ya mnzanu kapena ya ku ntchito, mukatsegule kalata imodzi muiwerenge ndi maso anu. Ikakana kutseguka kumeneko, ndiye kuti simunasunge kanthu, musalole afomate. Zinthu za zaka zambiri sizilowa mu fulashi pa sekondi imodzi, mukaona zotero imikani ntchito. Ndipo mukapeza kuti chinthu chasowa atafomata kale, thimitsani pomwepo, musalole aikemo nyimbo ngakhale imodzi. Koposa zonse, ngati muli ndi makalata a munthu amene sangalembenso, pulintani lero. Ine ndinkadikira tsiku labwino zaka khumi ndi zitatu.

Tadala ndamuuza lero m'mawa. Sabata yonse ndimamunamiza kuti a shopu akuchedwa. Ndinamupeza akulongedza, atasiya mpata mu sutikesi, akuti ndi wa buku la adadi. Ndinamuuza zonse ndili chiimire pakhomo. Anakhala pa bedi, anasita kolala ya bulauzi ndi chala kwa kanthawi.

Kenako anati, "Palibe kanthu amayi. Inu munawerenga onse. Mungondilembera zimene ankandiuza."

Ndinapita pa golosale, ndinagula kope la masamba 80 ndi bolopeni yatsopano. Ndakhala pa tebulo kuyambira 10 koloko. Ndikukumbuka kuti bambo ake ankadandaula za kutentha kwa ku Beira. Ndikukumbuka kuti ankafunsa za denga lathu lodontha. Zimenezo ndi zanga. Tindime ta Tadala ndinkatiwerenga mothamanga, poti sitinali tanga, ndinkati adzawerenga yekha.

Mu kope muli mzere umodzi. Kandime ka Tadala ankakayamba ndi Chipwitikizi chawo chongotola, "Bom dia, kamayi kanga." Pansi pake palibe kanthu.

Minibasi yake ndi ya 7 koloko mawa. Wabwera kawiri kudzafunsa ngati ndamaliza. Kawiri konse ndamuyankha kuti ndatsala pang'ono.